NyaMhone wa pa Zigamba

Pa maliro a NyaMhone, sabata yathayi, panayankhula anthu ambiri ndipo onse ananena zokoma. Ine ndinakhala pansi pakati pa amayi anzanga kuseri kwa nyumba yawo ku Ching'ambo, mvula yamawawa ikutinyowetsa pang'onopang'ono, tikumvera pa zokuzira mawu. A Munthali, wapampando wa komiti imene inkayang'anira shopu yathu, anati malemuwa anali mayi wofatsa, mayi wachifundo, mayi amene sanabwezepo munthu chimanjamanja. NyaJere, mnzanga amene tinkachapa naye zovala pa shopupo, ananditsina pantchafu. Sitinaseke, poti pamaliro. Koma tonse awiri tinadziwa kuti amene akunenedwayo si amene wagona m'bokosimo.

Amama, monga tinkawaitanira, sanali ofatsa. Ndipo kubweza munthu chimanjamanja ankabweza ndithu. Ine ndine mmodzi wa amene anatsala pang'ono kubwezedwa.

Ndinafika ku Mzuzu kuchokera ku Zomba potsatira mwamuna wanga amene anamusamutsa pa ntchito. Iye atamwalira ndinatsala ndi ana m'nyumba ya lendi, pakati pa anthu amene chiyankhulo chawo ndinkangochimva apa ndi apo. Chisanu chitafika, ana akutsokomola, wina anandiuza kuti ku Chibanja kuli shopu yothandiza osowa. Pa chikwangwani panali dzina lalitali la Chingerezi, koma tauni yonse inkangoti pa Zigamba. Ndinapita kukapempha majuzi a ana. Ndinapeza mayi wamfupi, wojintcha, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, sizasi atapachika m'khosi ndi kachingwe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, koma nkhope yanga sanaiyang'ane. Maso awo anali pa mpendero wa diresi langa umene unali utang'ambika.

"Majuzi alipo," anatero. "Aulere yayi. Manja akowo akudwala?"

"Ayi, mayi."

"Beseni ilo, sopo uyo, madzi ali kuseri."

Ndinachapa tsiku lonse misozi ya mkwiyo ikugwera m'thovu. Madzulo anandilipira, ndinagula majuzi aja ndi thukuta langa, ndipo anati mawa ndisachedwe. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kunditchula NyaZomba. Dzina langa lenileni sindikumbuka kuti analitchulapo.

Shopuyo Amamawo anaiyambitsa okha, zaka zija makampani ankatsekedwa motsatizana, anthu n'kumadzuka ali malova. Kwawo kunali ku Nkhata Bay. Anabwera ku Mzuzu ali mtsikana ndi amuna awo amene anali kalaliki, ndipo Amama ankasoka maovolosi pa kampani ina. Ntchito zonse ziwiri zinatha chaka chimodzi. Nkhani ya amuna awo sankaikonda, koma tsiku lina tikusita anaikamba mwachidule. Anati bambowo ankadzuka m'mawa uliwonse, kusita malaya, kupolisha nsapato, kupesa, kenaka n'kukakhala pakhonde kuyang'ana anzawo akupita ku ntchito. Anachita zimenezo mpaka tsiku limene sanadzukenso. Achipatala anatchula dzina la matenda, koma Amama ankati chinapha amuna awo ndi m'mawa wopanda kopita.

Atayika maliro a amuna awowo, Amama anabwereka wilibala. Anayamba kuyenda ku Kaning'ina, kumene kuli nyumba za mipanda, kugogoda pa mageti n'kumapempha zimene eni ake atopa nazo: malaya othothoka mabatani, nsapato zoyasama, mipando yothyoka mwendo, mawailesi osalira. Agalu ankawauwa, alonda ankawathamangitsa, akazi a mabwana ena ankawaponyera zinthu pamwamba pa mpanda ngati akutaya zinyalala. Iwo ankatola, n'kunena yewo, zikomo wa kuno, n'kupitirira. Akafika kunyumba ankaitana anzawo amene anachotsedwa nawo ntchito. Wina achape, wina asite, wina asoke, wina akhome. Zikakonzeka ankagulitsa motchipa kwa anthu a m'makomboni, ndipo zimene zapezekazo zinali malipiro a ogwira ntchitowo. Khonde lawo litachepa anakapempha mpingo kuti uwabwereke nyumba yakale yosungiramo katundu ku Chibanja. Mpingo unavomera, koma unati pakhale komiti yoyang'anira. Umo ndi mmene a Munthali ndi anzawo analowera.

Mmene ine ndinkafika, pa Zigamba panali pa ntchito penipeni. Makina osokera ankalira kuyambira m'mawa, utsi wa makala a simbi ukutuluka pa zenera, kuseri kalipentala akukhoma. Amama ankafika wapansi, asanafike wina aliyense. Chovala chilichonse ankachinunkhiza kaye, kuchitembenuza, kukoka msoko ndi zala. Akapeza kuti wasoka mwaulesi ankamasula ulusi wonse uli pomwepo, n'kukubwezera. Ankati wosauka akagula malaya amagula kamodzi, ndiye kumugulitsa msoko wabodza n'kumubera kawiri. Za chifundo ankazinyoza poyera. Ankati chifundo chimatha msanga ngati sopo wotchipa, ndiponso kuti munthu amene umamupatsa tsiku ndi tsiku amadzadana nawe, chifukwa nkhope yako imamukumbutsa kuti alibe.

Pakona panali masuti angapo ndi nsapato zakuda zimene sizinkagulitsidwa. Aliyense woitanidwa kukayesedwa ntchito ankabwera kudzabwereka. Amama ankamuveka okha, kumukonza kolala, kumuuza kuti ayende aone, n'kumukalipira ngati akuyenda chowerama. Sankafuna kuti munthu akalambire pa Zigamba. Akamva kuti kwina akufuna telala kapena wochapa, ankakutuma ngakhale usakufuna, akuti malo ako pali wina amene akuwadikira. Ku Mzuzu kuno kuli alonda, madalaivala, ngakhale aphunzitsi, amene analowa pa ntchito atavala jekete la pakona paja. Pa maliro ndinaona ochepa.

Mikangano yawo inali yosatha. Anakangana ndi abusa amene ankafuna kuti pa Khirisimasi zovala zigawidwe ulere kutsogolo kwa tchalitchi, osauka atandandalika pamzere, kwaya ikuyimba. Amama anati abusawo akafuna kugawa agawe za m'nyumba mwawo. Anakangana ndi ogulitsa kaunjika mumsika amene ankati akuwaonongera mitengo. Anakangana ndi mwana wawo wamkazi, namwino ku Lilongwe, amene ankachita manyazi kuti mayi ake akukankha wilibala ya nsanza pamsewu. Ndipo si nthawi zonse pamene ankakhoza. Amama anamunena NyaJere kwa mwezi wathunthu kuti ndi waulesi, pamaso pa tonse, pamene mayiyo ankadwala msana osanena. Zitadziwika, Amama sanapepese. Mawa lake tinangopeza mpando pafupi ndi pochapira, ndipo NyaJere anasamutsidwira ku ntchito yosoka mabatani. Pepani wa Amama anali ameneyo, ndipo ena sanaulandire. Alipo anthu m'tauni muno amene mpaka lero amati anali mayi wouma mtima. Sindikangana nawo.

Koma ndikafuna kunena kuti NyaMhone anali ndani, ndimanena za tsiku limene kunabwera alendo.

Pakati pathu panali a Gondwe, telala wamkulu, bambo wamtali wosayankhulayankhula. Kale anakhalako kundende kummwera chifukwa choba katundu pa kampani imene ankagwira. Atatuluka palibe amene anafuna kuwalemba. Amama anawakhazika pa makina, ndipo patapita nthawi anawapatsanso makiyi a shopu. Ife akuluakulu tinkadziwa, a komiti ankadziwa, koma nkhaniyo sinkatchulidwa. Ana a a Gondwe anakula akudziwa kuti zaka zimene bambo awo kunalibe, anali ku ntchito kutali. Mwana wawo woyamba, mtsikana wophunzira bwino, anali pa chitomero ndi mnyamata wa banja lopemphera la ku Nkhata Bay.

Chaka chimenecho a Munthali anapeza bungwe lina lothandiza la ku Lilongwe limene linali lokonzeka kutipatsa galimoto ndi makina atsopano. Linatumiza anthu kudzaona, azungu awiri ndi Amalawi anzathu, wina wojambula zithunzi, wina wa wailesi, wina womasulira. Tinasesa, tinayala mipando, tinauzidwa kuti tiyimbe ndipo tinayimba. Amama anakana kukhala pa mpando wa kutsogolo, anati ali ndi zosita. A Munthali atayankhula kwa nthawi yaitali za mmene komiti yawo ikutukulira anthu otayika, anatembenuka.

"A Gondwe, tabwerani kuno, dada. Auzeni alendowa kumene tinakutolani."

A Gondwe anaimirira pang'onopang'ono, tepi yoyezera ili m'khosi. Wa wailesi anawayandikizira cholankhulira pakamwa. Wojambula anagwada kuti awatenge bwino. Ndinaona manja awo, manja aja amene ankalowetsa ulusi pa singano osayang'ana, akupotokola nsonga ya tepi ija.

"Musachite manyazi," anatero a Munthali akumwetulira. "Yambirani pa zimene zinakuchitikirani kummwera zija."

Kenaka tinamva simbi ikugunda pa tebulo m'chipinda chositira. Amama anatuluka akupukuta manja pa chitenje, anadutsa pakati pa alendo ngati akudutsa pakati pa mipando, nakaima kutsogolo kwa kamera, msana wawo utatchinga.

"A Gondwe, buluku la aphunzitsi lija mwamaliza?"

"Yayi, Amama."

"Nanga mwaimiriranji? Nthawi ya ntchito ino."

A Gondwe anabwerera pa makina awo. A Munthali anaseka kuseka kouma. "Amama, alendowa achokera kutali chomene. Akufuna amve umboni."

"Achokera kutali kudzaona ntchito, ntchito ndi iyi, aone. Ngati akufuna kuona munthu wovula, muvule ndinu, a Munthali. Kuno timaveka anthu, sitiwavula."

Womasulira anayang'ana pansi, osadziwa choti auze azungu aja. Amama anamuthandiza. Anali ataphunzira sukulu ya mishoni, ndipo ananena mawu omwewo m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti pasatayike ngakhale limodzi. Atatero anabwerera kokasita. Makina a a Gondwe anayamba kulira, ena anatsatira, ndipo alendo anamwa zakumwa zawo pakati pa phokoso.

Tinayesa kuti thandizo lapita. Silinapite. Linabwera, koma linabwera ndi mawu akuti shopu ikufunika utsogoleri watsopano, wodziwa kugwira ntchito ndi mabungwe. Komiti inakumana Amama palibe, ndipo inagwirizana kuti akula, akapume. Ife tinapita kwa abusa kukadandaula, anatiuza kuti nkhaniyo yatha kale ndipo tiziyamika kuti ntchito zathu zilipo.

A komiti anawakonzera Amama phwando lotsanzikana. Panali mabanzi ndi zakumwa, panali mapemphero, a Munthali anayankhulanso. Pomaliza anawapatsa mphatso yokulungidwa m'pepala lonyezimira. Amama anadula chingwe ndi sizasi wawo, natulutsa bulangete. Analinunkhiza, analitembenuza, anagwira pakona.

"Chigamba ichi n'cha a Gondwe," anatero. "Bulangete ili ndinakalitenga ndine ku Kaning'ina, kwa mayi uja wa agalu atatu."

A komiti anali atangolitenga pa shelefu m'mawa womwewo.

"Yewo chomene," anatero Amama. Analipinda bwinobwino, analibwezera pa shelefu pamene linali, natuluka. Sanapondenso pa Zigamba.

Zotsatira zake ndizinena mwachidule chifukwa zimandiwawa. Kunabwera manijala, mayi wachitsikana waulemu amene ankachita zimene wauzidwa. Galimoto inabwera, yolembedwa m'mbali, ndipo kawirikawiri inkaoneka pa geti la a Munthali kusiyana ndi pa shopu. Alendo anabweranso, ndipo tsopano panalibe woima kutsogolo kwa kamera. A Gondwe anauzidwa mwakachetechete kuti tsogolo la anzawo onse lili pakamwa pawo. Anayankhula. Mawu awo anamveka pa wailesi, chithunzi chawo chinapachikidwa m'shopu, pansi pake atalemba kuti anali wakuba koma tsopano wasintha. Mwana wawo wa pa chitomero uja anazimva ali m'minibasi. A kuchimuna anatumiza ankhoswe kudzanena kuti aganize kaye, ndipo kuganizako sikunathe mpaka lero. Mtsikanayo anapita ku Karonga, ndipo kwa bambo ake sabwera.

Kenaka komiti inaona kuti kuyenda m'mageti kutola zakutha n'kochedwetsa ndiponso konyozetsa. Anayamba kugula mabelo a kaunjika ochokera kunja, monga amachitira a mumsika. Zovala za m'belo sizifuna wochapa, sizifuna wosoka. Ochapa tinayamba kuchotsedwa ife. Anatsatira osita, kalipentala, wosoka nsapato. Masuti a pakona anagulitsidwa. A Gondwe anachotsedwa chithunzi chawo chikadali pakhoma. Shopu imene inayambitsidwa kuti malova apeze kopita m'mawa inatsala ndi anthu awiri ogulitsa ndi mlonda, ikupikisana ndi anyamata a mumsika amene ankaidziwa ntchitoyo kuposa a komiti. Nthawi ya bungwe lija itatha, galimoto inapita, ndipo shopu inatsekedwa popanda ngakhale pemphero.

Amama anazimva zonsezi ali ku Ching'ambo. Matenda a shuga anali atawadya maso. Mwana wawo anawatengera ku Lilongwe, koma anavuta mpaka anawabweza, akuti kumeneko kulibe amene amawadziwa kuti ndi ndani. Ndinkapita kukawaona ndikapeza mpata pa maganyu anga ochapa m'nyumba za anthu. Ulendo womaliza ndinawapeza pakhonde atafunda nsalu ziwiri.

"Odi, Amama. Mwatandala uli?"

"NyaZomba? Sendera kuno."

Anandigwira pa phewa, zala zawo zinayenda pa kolala ya bulauzi langa mpaka zinapeza batani lolendewera. Analikoka n'kuliika m'manja mwanga.

"Ukasoke. Ukuyenda m'tauni ngati ulibe kwanu."

Anafunsa za aliyense, osati ndi dzina koma ndi ntchito yake: wa nsapato uja ali kuti, wa mawailesi uja akudya chiyani. Ndinawauza zoona. Wa nsapato ankapalasa kabaza, mawondo atatupa. Wa mawailesi anabwerera ku mowa. Za a Gondwe ndinati akusoka pakhonde la golosale ina, pa makina obwereka. Amama anakokera nsalu paphewa. Ndinayesa kuti atukwana, monga ankachitira kale, ndipo ndinkafuna atukwane. Koma anangoti, "Ine ndinapempha chipinda. Anandipatsa mabwana." Kenaka anandiuza kuti ndizipita kusanade, mvula ikubwera.

Diresi limene Amama anagona nalo m'bokosi anasoka ndi a Gondwe, osauzidwa ndi munthu. Pa maliropo anapita kwa woyendetsa mwambo kukapempha kuti anene mawu awiri m'malo mwa ogwira ntchito. Anawayankha kuti oyankhula akwana kale, nthawi yatha, a komiti ayankhulira onse. Bambo amene anakakamizidwa kuyankhula pa wailesi dziko lonse likumva anakanizidwa kuyankhula pa bwalo la ku Ching'ambo. Anabwerera kumbuyo, naima pansi pa mtengo wa mapeyala, chipewa chili m'manja. Kumanda ndi iwo amene anagwira fosholo nthawi yaitali kuposa onse.

Dzulo ndinadutsa ku Chibanja ndikuchokera kochapa. Nyumba ya shopu ija ikadalipo. Chitseko chili ndi loko wa dzimbiri, mazenera ena anaswedwa ndipo atsekedwa ndi makatoni amene afewa ndi mvula. Ndinasuzumira. M'kati mulibe kanthu, koma pa simenti pakuonekabe mabowo pamene miyendo ya makina inkaponda, mzere wake wonse, ndi njira yosalala imene mapazi athu anaipera kuchokera ku khomo kupita kuseri. Kuseriko mawaya oyanikira anadulidwa ndi ogula zitsulo, yatsala mitengo yokha itapendekeka. M'masinki a simenti mwadzaza madzi obiriwira, ndipo udzu wafika m'chiuno.

Pakhomo ndinapeza thumba lalikulu lomangidwa bwino pakamwa. Wina amene sanamve kuti shopu inatsekedwa anabwera nalo n'kulisiya, mwina mwezi wapitawo, mwina kale kuposa apo. Agalu analiboola pambali. Munali malaya a bambo, madiresi, timajuzi ta ana, zonse zopindidwa mosamala, zonse zitanyowa ndi kuchita nkhungu yakuda. Ndinatulutsa kajuzi kamodzi n'kukatambasula. Kanali kabwinobwino, kongofuna sopo ndi chigamba chimodzi pachigongono. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo panalibe munthu woti ndimupatse.